Mwana akufuna nsomba za mbuna pabalaza: ndikonzekere ndalama ndi nthawi yochuluka bwanji?

Funso

Ndine namwino, ndimakhala ku Area 49 mu Lilongwe m'nyumba ya lendi. Mwana wanga wa zaka 10 anapita ndi anzake akusukulu ku Cape Maclear, ndipo chibwerere sakundipumitsa. Akufuna tinsomba ta buluu ndi tachikasu tija m'thanki ya galasi pabalaza. Anzanga kuntchito akuti nsomba n'chiweto chosavuta, chosadya ndalama ngati galu. Ine masiku ena ndimagwira masana, ena usiku, ndipo magetsi kwathu amazimazima. Ndiuzeni zoona zake: zifuna ndalama zingati, nthawi yochuluka bwanji, ndipo kodi ndingakwanitse?

Yankho

Mayi, anzanuwo sananame, koma akuuzani theka la nkhani. N'zoona kuti nsomba siuwa usiku, siluma mwana wa aneba, sifuna katemera wa chiwewe, ndipo chakudya cha thanki yonse cha mwezi wathunthu chingakwane m'kapu imodzi ya tiyi. Koma ife amene takhalitsa pa zimenezi timati timaweta madzi, nsomba zimangokhalamo. Ndalama zanu ndi nthawi yanu zidzathera pa madziwo: kuwasefa, kuwafunditsa, kuwapatsa mpweya ndi kuwasintha. Munthu akawerengera mtengo wa nsomba wokha, wawerengera kachigawo kochepetsetsa ka zonse.

Tinsomba timene mwana wanu anaona timatchedwa mbuna, dzina lochokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay. Timakhala m'miyala ya m'mphepete mwa nyanja ndi ya kuzilumba, n'kumapala ndere zomera pamiyalapo. Malo amene anapitawo ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuteteza nsomba zimenezi, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi. Ndatchula zimenezi dala, chifukwa maganizo oyamba amene amabwerera Mmalawi aliyense ndi akuti, "Nanga n'kugulanji? Ndingopita kunyanja ndi ndowa." Musatero. Kugwira mbuna m'pakimo n'kulakwira lamulo, ndipo ngakhale kunja kwa paki, malonda a nsomba zamoyo zokongoletsera amafuna chiphaso cha nthambi ya boma yoona za usodzi. Lamuloli lili ndi chifukwa chake. Pali kamtundu kena ka mbuna kotchedwa saulosi, dzina lochokera kwa Saulos Mwale, Mmalawi amene ankamira m'nyanja kugwira nsombazi. Kamapezeka pa miyala ya malo amodzi okha, Taiwanee Reef, kufupi ndi chilumba cha Chizumulu, ndipo kanachepa kwambiri chifukwa chogwidwa mopitirira muyeso. Zazimuna zake ndi za buluu wa mizere yakuda, zazikazi n'zachikasu, mitundu imene mwana wanu akuifunayo.

Chodabwitsa n'chakuti mbuna n'zosavuta kuzipeza m'sitolo ya ziweto ku Johannesburg kapena ku Birmingham kusiyana ndi mu Lilongwe muno. Kuyambira m'ma 1970, malemu Stuart Grant ankazitumiza kunja kuchokera ku Kambiri Point ku Salima, ndipo lero zambiri zimene zikugulitsidwa ku Ulaya ndi ku America zinabadwira m'mathanki a alimi ku Florida, ku Czech Republic ndi ku Asia, nyanja yathu sizinaionepo. Kuno muyenera kufunsafunsa: kwa anthu amene akuweta kale ndipo zikuwaswera, kapena ku ofesi ya zausodzi kuti akulozereni amene ali ndi chiphaso. Gulani zobadwira m'thanki. Zimazolowera msanga chakudya cha m'botolo, ndipo sizibwera ndi tizirombo ta kunyanja.

Tsopano ku ndalama zoyambira. Mitengo ya zipangizozi imayenda ndi dola chifukwa pafupifupi zonse zimachokera kunja, ndipo mukudziwa zimene kwacha inachita mu Meyi 2022 pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndi mu Novembala 2023 pamene inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Mtengo umene ndingalembe lero ungakusocheretseni miyezi itatu ikubwerayi. Choncho ndikupatsani miyeso, malita, mawati ndi mayunitsi, inu mukafunse mitengo ya tsikulo.

Chachikulu ndi thanki, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa poganiza kuti woyamba kumene ayambe ndi kakang'ono. Kwa mbuna n'zosiyana. Yamphongo iliyonse imasankha phanga lake pamiyala n'kumathamangitsa aliyense woyandikira, ndipo m'kathanki kakang'ono wothamangitsidwayo alibe kothawira, amangolumidwa mpaka kufa. Komanso madzi ochepa amada msanga, amatentha msanga, amazizira msanga. Kulakwitsa kumene kungaphe nsomba zonse m'malita 30 usiku umodzi, m'malita 240 kumakupatsani masiku awiri oti muzindikire. Thanki yoyenera ikhale masentimita 120 m'litali, 40 m'lifupi, 50 kupita m'mwamba. Amenewo ndi malita 240, okwanira mbuna 12 mpaka 15. Simuyenera kugula yopangiratu kunja. Wodula magalasi waluso angakupangireni, bola agwiritse galasi la mamilimita 10 ndi silikoni yoyenera mathanki a nsomba. Silikoni ya kubafa ija yokhala ndi mankhwala opha nkhungu imapha ndi nsomba zomwe. Ikatha kupangidwa, iume masiku angapo, kenako muidzaze madzi panja ndi kuisiya masiku awiri kapena atatu. Ngati n'kudontha, idonthere pakhonde.

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mukaphatikiza galasi, miyala ndi mchenga, thanki imeneyi ipitirira makilogalamu 300, kufanana ndi matumba 6 a chimanga ataunjikidwa pamalo amodzi. Katebulo ka TV sikangapirire. Pitani kwa owotcherera akupangireni choikapo chachitsulo, chokhazikika bwino miyendo yonse inayi, ndipo pansi pa galasi muyalepo thovu loyera lija amakutira nalo firiji yatsopano m'katoni. Malo ake asakhale pawindo pamene dzuwa limawomba, apo ayi madzi adzasanduka obiriwira ngati thamanda.

Zotsala ndi fyuluta yosefera madzi, pampu ya mpweya, hita ya mawati 200 yofunditsira madzi, choyezera kutentha, getsi la pamwamba, chivundikiro, kaukonde, payipi yokokera madzi, ndowa zitatu, mankhwala ochotsa kolorini ndi timabotolo toyezera madzi. Chilichonse pachokha chimaoneka chotchipa, koma zikakumana zimapweteka m'thumba. Ine ndimauza anthu kuti mtengo umene wodula magalasi wakutchulirani muuchulukitse katatu, ndipo nsomba yoyamba isanalowe mudzakhala mutafika chapamenepo. Miyala ndi mchenga n'zimene mungapeze mwaulere. Miyala ya kuphiri kapena ya kukwale ndi yabwino, muikweche ndi burashi popanda sopo. Mchenga wa kumtsinje muutsuke mpaka madzi otsukira atayera, kenako muuyanike padzuwa uume gwa. Wa kunyanja ndi miyala yake zisiyeni, poti zimabwera ndi nkhono, ndipo inu monga namwino simufuna kuti ndikufotokozereni za likodzo. Poika, miyala iyambe kukhala pansi, mchenga ubwere pambuyo. Mbuna zimakumba ngati mfuko, ndipo mwala wokhala pamwamba pa mchenga tsiku lina udzagudubuzika n'kuswa galasi.

Mukadzaza madzi ndi kuyatsa zonse, pamabwera chinthu chimene mwana wa zaka 10 sadzachimvetsa: thanki ikhale yopanda nsomba masabata 4 mpaka 6. Chifukwa chake n'chakuti nsomba imatulutsa amoniya kudzera m'makha ndi m'ndowe zake. M'nyanja amoniyayo amasungunukira m'madzi osawerengeka, koma m'galasi amaunjikana n'kuwotcha makha. Amene amapulumutsa nsomba ndi mabakiteriya okhala m'siponji ya fyuluta. Gulu lina limasandutsa amoniya kukhala nitrite, yemwenso ndi poizoni, ndipo gulu lina limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene nsomba zimamupirira bola asachuluke. Mabakiteriyawa m'thanki yatsopano mulibe, ndipo amachulukana pang'onopang'ono. Mumawaitana pothira kachakudya ka nsomba kochepa tsiku lililonse m'thanki yopanda kanthuyo, n'kumayeza madzi kawiri pa sabata mpaka amoniya ndi nitrite atafika pa ziro. Kwa mbuna kudikiraku n'kofunika koposa, chifukwa madzi ake amayenera kukhala a pH (muyeso wa asidi m'madzi) ya pakati pa 7.5 ndi 8.5 monga a kunyanja, ndipo pH ikakwera, amoniya amapha msanga. Mukapeza mnzanu woweta kale, mupempheni siponji yakuda ya m'fyuluta yake, muinyamule m'madzi ake omwewo. Imeneyo ingafupikitse kudikira kufika sabata imodzi kapena awiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndalama zambiri zimene anthu amataya m'chaka choyamba amazitayira pano, pogula nsomba kawiri kapena katatu osadziwa chimene chikuzipha.

Za pH musade nazo nkhawa kwambiri. Yezani madzi a pampopi wanu. Akakhala otsika, miyala ya laimu ingapo m'thanki imathandiza, kapena kasupuni kakang'ono ka soda wophikira pa ndowa ya malita 20, mukuyeza pamene mukuwonjezera. Madzi a pamjigo nthawi zambiri amakhala oyenera kale. A mvula okha ndi ofewa kwambiri kwa mbuna.

Ndalama za mwezi ndi mwezi zambiri ndi za magetsi, ndipo mungaziwerengere nokha. Fyuluta ndi pampu ya mpweya pamodzi zimadya mawati pafupifupi 20, ndipo sizizimitsidwa usana ndi usiku: mayunitsi 14 kapena 15 pamwezi. Getsi la mawati 20 loyaka maola 8 patsiku liwonjezera mayunitsi 5. Ndiye kuti miyezi yotentha mukukamba za mayunitsi 20. Hita ndiye amene amasintha nkhani. Mbuna zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 27, pamene mu Juni ndi Julaye usiku wa Lilongwe umatsika mpaka pansi pa madigiri 10 panja. Hita ya mawati 200 ikamayaka maola 8 mwa maola 24, imeneyo yokha ndi mayunitsi 48 pamwezi. Choncho m'nyengo yozizira thanki idzakudyerani mayunitsi pafupifupi 70, ndipo chaka chonse muyembekezere 400 kapena kupitirirapo. Tengani lisiti lanu lomaliza la mayunitsi muone mtengo wa imodzi, muchulukitse. Chivundikiro chothina bwino ndi thovu loyera lija kumata kumbuyo ndi m'mbali mwa thanki zimachepetsa kwambiri ntchito ya hita. Wa ku Dedza kapena Mzuzu amalipira zoposa apa, wa ku Salima kapena Mangochi hita amangoisunga m'kabati miyezi yambiri.

Madzi sadula. Malita 60 pa sabata ndi malita 250 pamwezi, mgolo umodzi ndi kachigawo, ndipo otayidwawo ndi manyowa abwino a mpiru ndi tomato kuseri kwa nyumba.

Nkhani imene ndikufuna muimvetsetse kuposa zonse ndi ya kuzima kwa magetsi, chifukwa ndi imene idzagamule ngati mukwanitse kapena ayi. Ine inandiphunzitsa mowawa. Chaka china mu Okutobala, ndidakali wachiyambi, ndinadyetsa nsomba mowolowa manja madzulo, magetsi n'kuzima cha m'ma 9 koloko. Ndinagona tulo tabwino poganiza kuti nsomba zili m'madzi, zisowanji? M'mawa ndinapeza 11 mwa 16 zili chagada, pakamwa yasaa, ndipo zoyamba kufa zinali zazikulu zokongola zija. Madzi ofunda amasunga mpweya wochepa kusiyana ndi ozizira, nsomba yokhuta imafuna mpweya wambiri, mabakiteriya a m'fyuluta nawo amapuma mpweya womwewo, ndipo madzi akangoti zii osagwedezeka pamwamba, mpweya watsopano umalowa mochedwa kwambiri. M'thanki yodzaza mbuna, usiku wa Okutobala, maola ochepa chabe ndi okwanira.

Mankhwala ake si jenereta kapena inveta yaikulu. Pali timapampu ta mpweya tokhala ndi batire m'kati, timene timadzitchaja magetsi akakhalapo n'kupitiriza tokha akazima. Timadya mawati 3 mpaka 5 basi. Kapampu kameneko mukalumikize ku fyuluta ya siponji, imene imayendera mpweya womwewo, ndipo mudzakhala mwapulumutsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: nsomba zikupuma, mabakiteriya akudya. Fyuluta ya siponji ndi yotchipa kuposa zonse, sioneka bwino kwenikweni, koma kwa ife okhala kumene magetsi sapanganika ndi imene ndimaikhulupirira. Mafyuluta odula otsekeka aja, okhala pansi pa thanki, ali ndi vuto lakuti madzi akaima maola angapo mabakiteriya amayamba kufa m'katimo, ndipo magetsi akabwera amalavulira madzi onunkha m'thanki. Amene ali nayo azikumbukira kuitsegula ndi kuitsuka asanaiyatsenso ngati yakhala yozima maola oposa 4 kapena 5.

Wina angati magetsi akazima azitunga madzi ndi kapu n'kumawathira kuchokera m'mwamba theka la ola lililonse. Zimathandizadi, ndazichitapo mpaka mbandakucha. Koma inu usiku wina mudzakhala muli kuwodi, mwana ali mtulo. Ndiye kwa inu kapampu ka batire ndi koyamba kugula, getsi lokongoletsa libwere pambuyo. Magetsi akazima musadyetse nsomba mpaka atabwera. Kukakhala kozizira fundikani thanki bulangeti, poti malita 240 sazizira msanga. Kukakhala kotentha tsegulani chivundikiro.

Pali mdani wina amene mabuku olembedwa ku Ulaya satchula kawirikawiri koma kwathu kuno ali m'nyumba iliyonse: mankhwala a udzudzu. Opopera aja, makoilo ofukiza ndi mankhwala a m'neti ndi poizoni woopsa kwa nsomba, ngakhale atakhala ochepa kwambiri. Pampu ya mpweya imakoka mpweya wa m'chipinda n'kuulowetsa m'madzi, ndiye wina akapopera pabalaza thanki ili pomwepo, wapopera nsomba. Kukafunika kupopera, zimitsani pampu, phimbani thanki ndi pulasitiki, ndipo mutsegule mawindo musanayatsenso. Ndowa za nsomba zikhale za nsomba zokha, zimene sizinalawepo sopo, ndipo aliyense m'nyumbamo adziwe kuti sizochapira neti kapena kukolopera.

Nthawi tsopano. Tsiku lililonse ndi mphindi 5: kudyetsa, kuziwerenga, kuona kutentha kwa madzi, kuona ngati pali ina yobisala kapena yokana kudya. Inu munazolowera kuyendera odwala, ndi ntchito yomweyo. Sabata iliyonse ndi ola limodzi: kukoka malita 60 ndi payipi mukupsopsa zonyansa pamchenga, kupukuta ndere pagalasi, ndi kubwezeramo madzi atsopano opanda kolorini, otentha mofanana ndi a m'thanki. Kolorini amachoka ndi madontho a mankhwala ake, kapena posiya madzi m'chidebe chosavundikira masiku awiri, ngakhale madontho ndiwo odalirika. Popeza pampopi nawo amauma, khalani ndi mgolo wosungiramo madzi a nsomba. Mwezi uliwonse ndi theka la ola lofinya siponji ya fyuluta m'ndowa ya madzi ochokera m'thanki. Musaitsuke pampopi, ngakhale ikuoneka yakuda chotani. Kolorini adzapha mabakiteriya amene munawadikira masabata 6, ndipo anthu aukhondo kwambiri ndi amene amagwa m'msampha umenewu. Mukaphatikiza zonse, ndi maola pafupifupi 90 pachaka, kufanana ndi masiku 11 a ntchito ya maola 8.

Maola 90 si ambiri. Chovuta chake n'chakuti sasungika. Simungadumphe mwezi wathunthu n'kudzabweza ndi tsiku limodzi lotsuka zonse, chifukwa kusintha madzi onse kamodzi pambuyo pozengereza nthawi yaitali kumadzidzimutsa nsomba, nthawi zina mpaka kuzipha. Koma pa mashifiti anu musadandaule. Nsomba sidziwa Loweruka. Mukasintha madzi pakatha masiku 6 ulendo uno, masiku 9 ulendo winawo, palibe chovuta. Ingolembani pakalendala pafupi ndi ndandanda yanu ya kuntchito.

Pa chakudya, ambiri amapha nsomba ndi chikondi. Mbuna zili ndi matumbo ataliatali opangidwira ndere, choncho zimafuna chakudya chochokera ku zomera, monga chokhala ndi spirulina, mtundu wina wa ndere. Usipa, nyama, chakudya cha nkhuku, nsima ndi buledi ayi. Nsawawa zophika zosenda kapena tsamba la sipinachi lofutsa pang'ono, kamodzi pa sabata, zimazikonda. Mupatse zimene zingathe m'theka la mphindi, kamodzi kapena kawiri patsiku, ndipo tsiku limodzi pa sabata zigone ndi njala. Zidzabwera pagalasi kudzapempha ngati sizinadye chibadwire, ndipo mwana adzazimvera chisoni. Apa ndi pofunika kumulimbira. Kudyetsa mopitirira ndi chakudya cholakwika zimabweretsa matenda otupa mimba amene oweta nsomba padziko lonse amawatcha Malawi bloat. Dziko lathu lili ndi nyanja, lili ndi Mulanje, koma kwa anthu ena kutali dzina lake amalidziwira pa kutupa mimba kwa nsomba! Yodwala imasiya kudya, imatulutsa ndowe zoyera ngati ulusi, kenako imatupa, ndipo ikafika potupa nthawi zambiri mwachedwa. Mankhwala ake ndi metronidazole, yemwe inu mumamudziwa bwino, koma amagwira ntchito mukayamba msanga, ndipo yodwalayo iikidwe payokha. Ndiye m'bajeti muikemo kathanki kapena kabeseni ka malita 30 ka chipatala, kamenenso muzisungamo nsomba zatsopano masabata awiri kapena atatu zisanalowe kwa zinzake.

Posankha mitundu, yambani ndi zofatsa. Zachikasu zotchedwa Labidochromis caeruleus, zimene kwawo ndi miyala ya chakumpoto kwa Nkhata Bay, ndi zabwino kwambiri kwa woyamba. Saulosi zobadwira m'thanki, mukazipeza, zikupatsani buluu ndi chikasu mumtundu umodzi, ndipo sizikula kupitirira masentimita 8 kapena 9. Pewani auratus, za mizere yachikasu ndi yakuda m'litali. Zikakhala zazing'ono n'zokongola ndi zotchipa, koma yamphongo ikakula imatha kupha thanki yonse. Pa yamphongo imodzi pakhale zazikazi zitatu kapena zinayi, ndi mapanga ambiri kuposa chiwerengero cha nsomba.

Zikakhala mosangalala zidzaswana, ndipo apa mwana wanu adzaona chinthu chimene sadzaiwala. Yaikazi imatola mazira n'kuwasunga m'kamwa pafupifupi masabata atatu, osadya, kukhosi kutatupa, mpaka tsiku limene idzalavula tiana 10 kapena 20 tosambira kale. Kukoma kwake ndi kumeneko, ndipo msampha wake ndi womwewo, chifukwa tianato timafuna thanki yachiwiri, yachiwiri imabala yachitatu, ndipo ndikudziwa anthu amene galaja anaichotsa galimoto kuti aikemo mathanki. Musawerengere kuti mudzabweza ndalama pogulitsa tiana. Ogula kuno ndi ochepa, ndipo zambiri mudzangogawa.

Walira mvula walira matope, ndipo matope a nkhaniyi ndi zaka. Mbuna yosamalidwa bwino imakhala zaka 5 mpaka 8, zina kufika 10. Mwana wanu ali ndi zaka 10 lero. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi akhoza kupita kusekondale yogonera komweko, kapena mtima wake udzakhala uli pa mpira, thanki n'kutsala yanu. Dzifunseni ngati inuyo mukuifuna. Komanso muli m'nyumba ya lendi: kusamuka ndi thanki ya malita 240 ndi ntchito ya tsiku lathunthu, nsomba m'ndowa, siponji m'madzi ake, galasi lopanda kanthu litanyamulidwa ndi amuna awiri kapena atatu. Thanki siisunthidwa muli madzi kapena miyala, ngakhale ochepa.

Mukaona kuti zonsezi zakula, pali njira yapakati. Thanki ya malita 60 ndi tinsomba totchedwa guppy, timene kwawo ndi ku South America, imafuna ndalama zochepa kwambiri, hita ya mawati 50, ndi ndowa imodzi yokha pa sabata. Malamulo a madzi ndi omwewo, ndiye mwana aphunzirapo zonse. Chimene sindikulangizani ndi kambale kagalasi kobulungira kokhala ndi goldfish imodzi. Nsomba imeneyo imakula kupitirira masentimita 15, imatha kukhala zaka zoposa 10, ndipo imadetsa madzi kwambiri, choncho m'kambale imangovutika miyezi ingapo n'kufa. Ndipo nsomba iliyonse yachilendo kapena chomera cha m'thanki, mukatopa nazo, musazitaye mumtsinje, m'damu kapena m'ngalande. Mtsinje wa Lilongwe umathira mu Linthipe, Linthipe amathira m'nyanja. Ku nyanja ya Victoria anthu anaikamo nsomba yolusa ya Nile perch m'ma 1950, ndipo mitundu yambirimbiri ya nsomba za fuko limodzi ndi mbuna inazimirira. Namasupuni amene amavutitsa mu Shire naye kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira padziko ngati duwa lokongoletsera. Ngakhale mbuna zobadwira m'thanki zisabwezedwe kunyanja, poti zingapititse matenda kapena kusakanikirana ndi mitundu ya kumaloko.

Za ulendo wa kumudzi pa Khirisimasi, mbuna zazikulu zathanzi zimatha sabata yathunthu osadya popanda vuto. Choopsa ndi wachibale wachifundo amene mwamusiyira botolo lonse la chakudya. Mukachoka masiku oposa 7, mangani chakudya cha tsiku limodzilimodzi m'timapepala, kamodzi pa masiku awiri alionse, botolo mulibise, ndipo musinthe madzi tsiku loti mawa mukunyamuka.

Kodi mungakwanitse? Ine ndikuona kuti inde, ngati ndalama ya thanki yaikulu, kapampu ka batire ndi mayunitsi 70 a mu Julaye siikusowetsani tulo, ndiponso ngati m'nyumbamo muli munthu mmodzi amene ola la sabata lija ndi lake mosakambirana. Kuti mudziwe ngati munthuyo alipo, Loweruka lino gulani ndowa zitatu zokha. Muuzeni mwana kuti sabata iliyonse azizidzaza, azidikira masiku awiri, n'kukathirira dimba, ndipo azilemba tsiku lake m'kope. Inu m'masabata amenewo muzifunsa mitengo ndi kusaka woweta mbuna amene angakupatseni siponji. Mwanayo akafika sabata yachisanu ndi chimodzi osakumbutsidwa, pitani naye kwa wodula magalasi, ndipo miyeso akaitchule yekha: 120, 40, 50, galasi la mamilimita 10.